Amayi Ananyika Manja Awo

Pabalaza pa achimwene anga ku Lilongwe pali chithunzi chachikulu cha ukwati wawo, ndipo ine ndikapitako ndimasankha mpando woti ndichifulatire. Alendo onse amachiyamikira. Amati taonani amayi a mkwati mmene anatchenera, ngati si a kumudzi. Amayi aima kumanzere kwa achimwene, avala chilundu chabuluu, duku lomangidwa ndi anthu odziwa kumanga, ndi magolovesi oyera ofika m'zigongono. Ine ndikamva anthu akutama magolovesiwo mtima umachita kuwira, chifukwa ndikudziwa zimene zinali m'kati mwake, ndipo ndikudziwa amene anazichititsa. Tilipo atatu, ineyo ndili pomwepo.

Kwathu ndi kumapiri cha ku Biriwiri, kumene anthu amalima chimanga, kachewere ndi kabichi, ndipo mwezi wa Juni madzi a m'ndowa amaluma zala. Amayi ankalima ngati wina aliyense, koma ntchito yawo yeniyeni inali yonyika. Ankanyika khonje ndi bafuta, nsalu yoyera ya thonje ija, mu utoto wa mitengo. Khonje ankalipala okha, kulichapa, kulinyika, kenako amayi a m'mudzi oluka zikwama ndi timphasa ta patebulo ankabwera kudzatenga. Bafuta ankamusandutsa maduku, nsalu zoyala patebulo ndi zilundu zimene anthu ankazilondola kuchokera ku Kandeu ndi ku Manjawira. Kuseri kwa khitchini kunali miphika isanu imene sitinkaloledwa kutenthetsera ngakhale madzi osamba. Pambali pake panali mtsuko wovundikira, wodzaza makasu akutha ndi misomali, mmene munkakhala madzi a dzimbiri, ndipo ukavundukulidwa agalu ankasamuka pabwalo.

Tsiku la msika anzawo ankabwerako ndi sopo ndi usipa, iwo ankabwerako ndi thumba la makoko a anyezi. Ankayenda pamzere wa ogulitsa n'kumawasesera pansi, ogulitsawo n'kumaseka kuti mayi awa ndiye ali ndi mbuzi zosankha zakudya. Makungwa ankakasenda okha kuphiri, mbali imodzi yokha ya mtengo, pachilondapo n'kumatapo dothi kuti mtengo usafe. Ndinawaperekezapo kangapo ndili mtsikana, koma ndinkayenda kumbuyo nkhope ili ndwii, kuopa kuti anzanga a kusukulu angandione nditasenza makungwa ngati sing'anga.

Anthu amaganiza kuti kunyika n'kuponya makungwa m'madzi otentha basi. Ayese aone. Makoko a anyezi paokha amapereka chikasu chosachedwa kuthawa, koma mukadonthezeramo madzi a dzimbiri amatembenuka n'kukhala obiriwira modera. Nthangala za mapeyala zimatulutsa kufiira kofooka, ndiye zimafuna chidulo, madzi a phulusa la zitsononkho, kuti kufiirako kudzuke. Makungwa a mbawa mukawasakaniza ndi masamba a gwafa, nsalu n'kuitsiriza m'madzi a dzimbiri, mumapeza kuda kozama kumene amayi ankadziwika nako. Mukachulutsa dzimbiri khonje limaduka lokha m'manja mwa woluka. Mukachepetsa chidulo mtundu umachoka ndi thovu la sopo tsiku loyamba kuchapa. Zonsezi zinalibe muyezo wa kapu kapena wa supuni, pakuti phulusa la lero silifanana mphamvu ndi la dzulo, ndipo khungwa la m'dzinja si la m'chilimwe.

Muyezo unali manja awo. Chidulo ankachiyesa pochifikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kumva mmene chikuterera. Kutentha kwa mphika ankakudziwa poviika dzanja lamanja n'kumanena Pemphero la Ambuye chamumtima. Anyezi ankafuna madzi oti dzanja likhalemo mpaka pa ameni, pamene mbawa inkafuna oti ulitulutse usanafike popempha chakudya. Mtundu ankauyesa padzanja lamanzere, kuupaka m'mbali mwa banga lakale n'kudikira kuti uume. Ndinawafunsapo kuti bwanji osayesera pakansalu, iwo anati nsalu imanama ikadali yonyowa, khungu silinama. Choncho manja awo anali ndi mitundu yosanjikizana, yakuda m'mizere ya m'chikhatho, yofiirira m'zala, zikhadabo ngati nthangala za bwemba.

M'mudzi palibe amene ankadabwa nazo. Pamaliro amayi ankaphika ndi anzawo, anthu n'kumadya osafunsa. Kutchalitchi ankalandira mgonero ndi manja omwewo ndipo abusa sanabwezepo mbale. Azakhali okha, mlongo wa malemu bambo, ndiwo ankawaseka kuti tsiku la chiweruzo angelo adzawabweza pachipata kuti akasambe kaye m'manja. Amayi ankayankha kuti adzawanyikira mikanjo angelowo, yoyera yokhayokha iyenera kuti inawakwana.

Achimwene ndi oyamba kubadwa, ndipo bambo atamwalira amayi anayamba kuwatchula kuti bambo. Mawu awo ankalowa m'nyumba mwathu ngati kalata ya kuboma. Si munthu woipa, ndinene zoona, ndipo n'chimene chimandikwiyitsa kwambiri, chifukwa munthu woipa umamuda n'kupuma. Anapeza mbeta ku Lilongwe, mwana wa anthu ophunzira, ndipo anabwera naye kamodzi kudzamuonetsa. Tsiku limenelo ndinaona kuti amayi akamapereka kapu ya tiyi achimwene ankathamangira kulandira okha n'kupatsira mbetayo, koma ndinangoti ndi ulemu wa m'tauni. Ukwati unaikidwa pakati pa mwezi wa Julaye. Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pasukulu ya pulayimale ya pafupi ndi kwathu ndipo ndinkakhala ndi amayi.

Kutatsala miyezi iwiri achimwene anandiimbira foni. Anayamba ndi kufunsa za kachewere, za denga la khitchini, za chifuwa cha azakhali, mpaka ndinadziwa kuti pali nkhani imene ikuwalemera pakamwa. Atazungulira mokwanira anati:

"Achemwali, muwauze amayi apume kaye zonyikazo mpaka ukwati udutse. Kudzakhala ojambula, kudzakhala kupatsana moni. Anthu a kuno sangamvetse, adzangoti sasamba m'manja."

Ndikanatha kuwauza kuti awaimbire okha, foni amayi anali nayo. Ndikanatha kuwafunsa kuti manja amene anawalera ayamba liti kuchititsa manyazi. Sindinanene chilichonse mwa izi. Ndinati chabwino achimwene, ndamva, chifukwa nanenso, ndivomere, ndinali nditayamba kale kuganizira za manjawo ali pambali pa keke yoyera.

Ndinawauza amayi akuyanika khonje pachingwe. Sanatembenuke. Anafinya mtolo umene unali m'manja, kuukung'untha, kuupachika, n'kufunsa ngati bambo anena okha zimenezo. Nditavomera anati ngati bambo anena ndiye kuti aona. M'mawa mwake anatsuka miphika yonse isanu n'kuivundikira.

Masabata otsatirawo m'nyumba munalibe mtendere. Munthu wozolowera ntchito ukamukhazika pansi amaluma aliyense wodutsa. Anandipezera zifukwa pa kasesedwe, pa kathiridwe ka mchere, ngakhale pa katsekedwe ka chitseko. Amayi oluka zikwama ankabwera n'kubwerera chimanjamanja, iwo n'kumawauza kuti msana wavuta. M'mawa ndi madzulo ankakhala pakhonde n'kumapaka mandimu m'manja, pakuti ankadziwa bwino kuti chowawasa chimachotsa kuda kwa dzimbiri. Ndipo zinkatheka. Pofika kumapeto kwa Juni zikhatho zinali zitayera, kutangotsala zikhadabo ndi timizere. Ndinawaimbira achimwene kuwauza kuti zikuyenda, ngati ndikunena za wodwala amene wayamba kumwa phala.

Kutatsala masiku ochepa kuti ukwati uchitike, Lachisanu, ndinaweruka kusukulu msanga n'kuona utsi kuseri kwa khitchini. Fungo la mbawa linandipeza ndisanafike n'komwe pabwalo. Pachingwe panali nsalu yaikulu ya patebulo, yakuda pakati, m'mphepete mizere yofiira ndi yobiriwira, ndipo mpaka lero sindinaonepo ina yokongola kuposa imeneyo. Anali ataiyamba Lachiwiri, n'kumaibisa ine ndikamabwera, manja n'kumawafunditsa m'chitenje ponamizira chisanu. Tsopano anali chilili pambali pa nsaluyo, manja ali bii mpaka m'mikono, kuposa kale, chifukwa khungu lofewetsedwa ndi mandimu limamwa utoto ngati bafuta watsopano.

Ndinawakalipira. Ndinawakalipira mmene ndimakalipirira mwana wa sitandade wani akang'amba buku. Ndinati miyezi iwiri yonse yapita pachabe, nanga ndikawauza chiyani achimwene. Iwo anandidikira ndimalize, n'kunena kuti:

"Ndiye ndikalandire mpongozi ndi mbale za m'sitolo ngati mlendo? Mwana wa eni ake akulowa m'banja langa, adziwe kuti apongozi ake ali ndi chimene amadziwa."

Loweruka ndinakwera minibasi kupita kuboma, ndinakagula botolo la mankhwala oyeretsera zovala, aja timathira m'madzi pochapa malaya oyera. Ndinamvapo kwa mnzanga kusukulu kuti amachotsa inki m'zala. Ulendo wonse wobwerera ndinalifungatira pamiyendo ndikudziona wanzeru. Lolemba m'mawa ndinaliika pakhonde ndili paliwiro la kusukulu, ndinati muthire pang'ono m'madzi musambe m'manja. Mawu anga onse anali amenewo. Zolembedwa pabotolo zinali m'Chingerezi, amayi sawerenga Chingerezi, ndipo ine mphunzitsi ndinaona kuti kuwawerengera kundichedwetsa.

Mpaka lero ndimadzifunsa kuti ndinkayesa ndikulankhula ndi ndani. Munthu wamba ukamuuza kuti pang'ono amathira pang'ono, zikakanika amasiya. Amayi anali wonyika. Pantchito yawo palibe chimene chimagwira chokha. Chilichonse chimafuna chinzake, chimafuna moto, chimafuna nthawi. Anathira pang'ono monga ndinanenera, anasamba, kuda sikunasunthe. Ndiye anachita zimene akhala akuchita moyo wawo wonse mtundu ukamakana. Anakhuthulira botolo lonse m'beseni, anawonjezeramo chidulo chawo chaukali chija, anafunditsa madziwo, n'kukhala pansi n'kuviikamo manja monga amanyikira khonje louma mutu. Atayamba kumva kuluma anati ndiye kuti zayamba kugwira. Munthu amene wakhala zaka akupirira mphika wa mbawa saopa kuwawa kwa madzi. Ankatulutsa, kukhula ndi mwala wotsukira mapazi, kubwezeramo, kuyambira dzuwa litangokwera mpaka litafika pamutu. Potsiriza anapaka mandimu.

Anawapeza ndi azakhali, amene anabwera kudzabwereka sefa n'kumva kutsokomola kosalekeza kuseri kwa nyumba. Ananditumizira uthenga kusukulu, ndinasiya choko patebulo n'kuthamanga. Ndinapeza amayi atakhala pamphasa, manja atawakweza m'mwamba, maso ofiira ndi mpweya wa mankhwalawo. Khungu la m'zikhatho linali litayera ngati la nkhuku yososola, kwina litasendeka, m'nsonga za zala muli magazi. Zikhadabo zinali zakudabe. Chimene amayi ananena atandiona n'chakuti ndisawauze bambo, angadandaule.

Kuchipatala namwino anatsuka, anapaka mankhwala, anamanga mabandeji, uku akundikalipira ine, ndipo zonse zimene ankanena zinali zoona. Anandifunsa ngati ndinapitako kusukulu. Ndinati ndine mphunzitsi. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kupitiriza kumanga.

Ndinawaimbira achimwene tili panja pa chipatala pomwepo. Anadandaula, inde, anafunsa ngati pakufunika kuwatengera kuchipatala chachikulu. Kenako ndinachita kumva mutu wawo ukugwira ntchito. Anati nkhani ya mabandeji isativute, agula magolovesi aatali, amayi ambiri amavala paukwati masiku ano. Anawonjeza kuti akanaganiza zimenezi poyamba sipakanakhala vuto lonseli. Ndinadula foni. Ndikanapanda kudula ndikananena mawu oti sitikanayang'anizananso mpaka kumanda.

Masiku otsalawo ndinkawasambitsa, kuwamanga chitenje, kuwamwetsa madzi. Amayi amene sankalola munthu kuwasenzetsa mtolo wa nkhuni ankadikira kuti ndiwatsegulire chitseko cha chimbudzi. Anzawo a kutchalitchi atabwera kudzawazonda, iwo anayamba okha kufotokoza kuti mphika wa madzi otentha unawapulumuka, ndipo anasimba bwino moti wina anawalangiza kuti asinthe mafuwa. Azakhali anatsegula pakamwa, amayi anawaponyera diso, anatsekanso. Bodzalo linakhazikika tsiku limenelo, ndipo ine ndinapereka tiyi kwa alendo osatsutsa kanthu.

Ukwati unali wabwino, onse amatero. Ine ndimakumbukira mmene tinavutikira m'mawa kulowetsa mabandeji m'magolovesi, amayi akuluma mlomo. Ndimakumbukira amayi a mkwatibwi, munthu wansangala, atawagwira manja onse awiri n'kuwafinya mwachikondi, amayi akumwetulira, thukuta lili kamukamu mwezi wozizira. Wojambula anawauza kuti aike dzanja paphewa la mwana wawo, anaika. Pa nthawi ya chakudya sakanatha kugwira supuni, ndiye ndinapita nawo kuseri kwa holo n'kuwadyetsa mpunga ngati khanda, titakhala pa makreti a zakumwa, nyimbo zikugunda m'kati. Pomwepo anandifunsa ngati nsalu ya patebulo ija, mphatso ya mpongozi wawo, tinaikulunga bwino.

Mabala anapola patapita mwezi ndi theka. Khungu linamera lina, lopyapyala, lonyezimira, lokoka zala moti sizinkapinda bwino. Loyera ndithu, monga mmene tinkafunira. Mvula yoyamba itagwa amayi anavundukula miphika. Anasefa chidulo, anaviika zala, anafikisa, anafikisanso. Nsonga za zala sizinkamva kanthu, pamene pakati pa zala pankawotcha ngati athirapo tsabola. Mumphika wofunda dzanja silinkakhalamo n'kamphindi komwe. Ndinawagulira magolovesi a rabala, anavala kamodzi n'kuwavula, anati akumva rabala basi.

Ndiye anayesa kubwereka manja anga. Ankandigwira pamkono n'kundiviika zala, n'kumafunsa ngati chidulocho chikuterera ngati therere kapena ngati sopo wotsalira pambale. Ine ndinkangomva madzi. Ndinkayankha mongolota, iwo n'kuthira dzimbiri mongolota. Anati kuli ngati kulawa ndiwo ndi lilime la mnzako. Ndinakulira pambali pa miphika imeneyo zaka zonsezo, koma ndinkaidutsa nditatsina mphuno, buku lili kukhwapa, ndipo tsopano ndinkafuna kuphunzira pa sabata imodzi zimene iwo anaphunzira tsitsi lisanachite imvi.

Khonje la ulendo umenewo linatuluka lotuwa, lina linaduka m'manja mwa oluka. Amayi aja analandira mwaulemu, anathokoza, sanabwerenso. Chilundu cha mayi wina wa ku Kandeu chinasuluka tsiku loyamba kuchapa, ndipo amayi atamva sanadye tsiku limenelo. Maso awo ankaona bwinobwino kuti mtundu walakwika, koma ankaona nsalu itauma kale, pamene poyamba paja dzanja linkawauza madzi akadali mumphika. Pofika Khirisimasi miphika inali itavundikiridwanso, ndipo nkhuku inayamba kuikira mazira pambali pa mtsuko wa dzimbiri popanda woithamangitsa.

Ndinkawakwiyira nawonso, ndisabise. Tsiku lina ndinawafunsa kuti munthu wamkulu ngati iwo analekeranji kukana. Bwanji sanawauze achimwene kuti manja ndi anga, wochita nawo manyazi atseke maso? Munthu amene ankatsutsana ndi angelo anagonja bwanji pa foni imodzi imene sanaimve n'komwe ndi khutu lake? Anandiyankha kuti ndikadzabereka mwana wamwamuna ndidzamvetsa. Ndinanyamula khasu n'kukapalira kachewere amene anali wopalira kale, ndipo ndinadulako mbewu zingapo ndi mkwiyo.

Nthawi ya Pasaka achimwene anabwera ndi alamu anga, mkazi wawo uja, ali ndi pakati poonekera. Alamu ndi munthu wopanda chinyengo, chimene chili kumtima ndi chimene chili pakamwa. Sankadziwa kanthu, nawonso anauzidwa za madzi otentha. Titakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mapeyala anayamba kusimba za nsalu ya patebulo ija, kuti mlendo aliyense amafunsa kumene anaigula, kuti amayi awo amafuna kuwalanda. Kenako anatenga dzanja la amayi, analitembenuza mosamala, n'kunena kuti:

"Tsiku lija ndinabwera koyamba ndinaona manja anuwa, ndinakawauza amayi kunyumba kuti apongozi anga ndi aluso, utoto unachita kuwalowa m'khungu. Ankafunitsitsa kudzawaona paukwati, anakhumudwa atapeza magolovesi."

Achimwene anayamba kuyang'ana nkhuku. Ine ndinaimirira n'kuwauza kuti abwere adzaone denga la khitchini, poti amakonda kulifunsa. Kuseri kuja, pakati pa miphika yovundikira, ndinakhuthula zonse zimene ndinazisunga miyezi yonseyo. Ndinati anthu amene tinkawaopa aja ndi amenewo mwawamva. Ndinati manyazi anali athu, inu ndi ine, koma amene wapsa ndi wina. Ndinawauza za khonje lotuwa, za oluka amene anasiya kubwera, za amayi okhala pakhonde tsiku lonse ngati mlendo pakhomo pawo pomwe. Anandimvetsera mpaka ndinatha. Ndiye anati, motsitsa mawu, iwo sananene kuti amayi awotche manja, anangoti apume, ndipo botolo sanagule ndi iwo. Zonse ziwiri zinali zoona. Ndinafuna kuwaponyera mphika, koma miphikayo inali ya amayi.

Titabwerera pamkeka tinapeza nkhani yatha kale. Alamu anali atapempha kuti amayi awanyikire nsalu yoberekera mwana, yofiira ngati mizere ya m'mphepete ija, kuti mdzukulu woyamba adzagone m'ntchito ya agogo ake. Bafuta anali atabwera naye m'chikwama. Ndipo amayi anali atalandira ndi manja awiri n'kuvomera. Achimwene anamva, anadziwa tanthauzo lake popeza ndinali nditangowauza kumene, koma anangoti zikhala bwino kwambiri, n'kukatsegula galimoto.

Tinayesa katatu pa tizidutswa. Nthangala za mapeyala tinatola zambiri, phulusa la zitsononkho tinasefa, ine ndinaviika zala mpaka zinachita makwinya. Koyamba kunatuluka kotuwa ngati dothi la pachulu. Kachiwiri kunachita mawangamawanga. Kachitatu kunaoneka bwino moti ndinavina pabwalo, koma titachapa kufiira konse kunatsala m'beseni. Bafuta wa alamu anali chikulungire pamwamba pa sutikesi, ndipo masiku awo anali akuyandikira. Ankaimba foni Lamlungu lililonse kufunsa moyo, n'kutsiriza ndi kufunsa mwaulemu za nsalu.

M'mawa wina amayi anandiitana ndikukonzeka kupita kusukulu. Anali atakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, ndipo sanandiyang'ane.

"Loweruka upite ukagule utoto wofiira wa m'timapaketi."

Ndinati amayi, uja mumati ndi wa anthu aulesi, uja munam'thamangitsa nawo mayi wina pabwalo pano atabwera kudzakuonetsani? Anati womwewo. Anati ndigule timapaketi tiwiri kuti ugwire, ndipo ndisagule pafupi pomwe amatidziwa.

Ndinakagula kuboma. Anakana kuti ulowe m'miphika yawo, ndiye ndinathira m'chitini chakale cha mafuta ophikira, n'kutakasa ndi ndodo motsatira malangizo a papaketi, amene ulendo uno ndinawerenga mpaka kumapeto. Ntchito yonse sinathe ola limodzi. Amayi anakhala poteropo akuyang'ana kumunda. Nsalu inatuluka yofiira bwino, yopanda banga n'limodzi lomwe, ndipo itauma anandiuza kuti ndiifukize pa utsi wa makungwa a mbawa kuti imveke fungo la kuno. Ndinaifukiza misozi ikutuluka, ndipo sindinanamizire utsi.

Mwana anabadwa wamkazi. Alamu ankauza aliyense, kutchalitchi ndi kusikelo, kuti nsaluyo ndi ya nthangala za mapeyala, agogo ake a mwana ananyika okha. Atabwera naye kumudzi koyamba anamumasula kumsana n'kumupereka kwa amayi ndi nsalu yomwe, uku akufunsa kuti adzawaphunzitsa liti kasakanizidwe kake. Amayi anati akadzapeza mpata. Anamulandira mwanayo, nsalu ija anaichotsa n'kundipatsa ine kuti ndiipinde, ndipo mdzukulu wawo anamufunditsa chitenje chakale chimene anali atamanga m'chiuno.